Za Cape2Rio mukakhala awiri okha m'boti

Amene mukulota zolowa mpikisano wa maboti a matanga wa Cape2Rio muli awiri basi, tamverani. Kuchoka Cape Town kukafika Rio de Janeiro ndi mamailosi opitilira 3,000, masabata angapo muli pamadzi, ndiye musayambe ndi za liwiro ayi, yambani ndi tulo. Kukhala awiri ndiye kuti nthawi zambiri uli wekha mnzako akugona mkati, choncho zolowerani kusinthana maola atatu atatu musananyamuke, komanso aliyense azitha kuchepetsa matanga yekha usiku mphepo ikakula, osati kumangodzutsa mnzako paliponse mpaka kudana.

Autopilot, makina owongolera boti okha aja, imathandiza heve koma imadya moto, mabatire ndi masola muziyeseretu bwinobwino, ngati ndalama ilipo tengani autopilot ina yapadera. Mukatuluka panja chingwe cha life jacket chikhale chokola ku boti nthawi zonse, ukagwera m'madzi mnzako ali mtulo boti limangopita lokha, silidikira.

Njira musadule molunjika, pakati pa South Atlantic pamakhala high pressure mphepo zii, ambiri amayamba akhotera kumpoto kuti agwire trade winds, mphepo zowomba mosalekeza kulowera chakumadzulo. Madzi akumwa nyamulani ambiri ngakhale muli ndi watermaker (makina ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja), zimafa izi.