Tochi ikachita nthunzi pagalasi nthawi ya mvula

Achimwene mwafunsa za tochi yanu yomwe ikuchita nthunzi mkati mwa galasi ndi mvula ino ya ku Chipata. Choyamba chotsani mabatire, madzi akafikako ndi dzimbiri basi. Masulani mutu wake, pukutani galasi ndi kansalu kofewa kouma, osati malaya a kumunda ayi, mchenga umakanda galasi. Isiyeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo mpaka mawa, pambaula musayandikize, pulasitiki imapindika.

Kenako onani kalabala kozungulira kotchinga madzi pomwe mutu wa tochi umamangira, kakang'ambika ndi pomwe madzi akulowera, sinthani. Mkati mwa galasi pakani kadontho ka sopo wotsukira mbale nkupukuta mpaka liwale, nthunzi sigwira msanga. Posunga ikani m'chitini pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'bokosi la nsapato, timayamwa chinyezi, musamataye.