Momwe mungayendere malo odyera n'kudziwa kumene mafuta a m'khitchini akupita

Paipi ya madzi oipa ikatseka kuseri kwa mashopu m'tauni ya Kasungu muno, anthu amathamangira kuloza chala majumbo ndi matewera. Zimenezo zimapezekamo ndithu, koma chimene chimazimata pamodzi kawirikawiri ndi mafuta a m'malesitilanti: otsala pa chiwaya cha tchipisi, a nyama ya mbuzi, a msuzi wa mang'ina. Potsika m'sinki amakhala amadzimadzi chifukwa ngotentha. Akayenda mamita ochepa pansi pa nthaka amazizira n'kuyamba kukakamira m'mbali mwa paipi, ndipo pakapita miyezi amauma gwa ngati sopo wamtanda. Ndikulembera anzanga amene angoyamba kumene ntchito yoyendera malo odyera, komanso eni malowo, kuti tikafika asamaone ngati tabwera kudzawaphera bizinesi.

Choyamba ndi nthawi yopitira. M'mawa simuona kanthu, moto umakhala usanakolere n'komwe. Fikani cha m'ma 2 koloko masana, anthu atadya nkhomaliro, mapoto ali m'madzi, ndipo tsiku musalinene. Pachaka pali nyengo ziwiri zosaphonya: msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, pamene ndalama zimayenda ndipo malo odyera a m'mbali mwa msewu wa M1 amaphika mpaka usiku, ndi mwezi wa Okutobala, chifukwa paipi yotsala pang'ono kutseka imasefukira pa mvula yoyamba.

Tengani magolovesi ofika m'chigongono, magambutsi, tochi, tepi yoyezera, chitsulo chokanulira zivundikiro, ndodo ya nsungwi yowongoka, kope ndi foni yojambulira. Musaiwale utoto umene amayi amathira m'makeke, wobiriwira kapena wofiira, woti muzionera kumene madzi a m'sinki akupita. Pali utoto wake weniweni wa ntchito imeneyi wotchedwa fluorescein, koma ngwodula ndipo m'magolosale simungaupeze. Wa makekewo umagwira ntchito ukakhala wochulukirapo. Magolovesi opyapyala a pamsika aja asakunyengeni ndi kutchipa, amang'ambika pa chivundikiro choyamba. Ndipo muziyenda awiri.

Yambirani m'khitchini. Werengani masinki ndi mabowo a pansi otulutsira madzi okolopera, mulembe. Funso la kumene mafuta akuda amatayidwa musafunse mwini malo, funsani wotsuka mbale, mwaulemu, abwana ake ali potero. "Achemwali, mafuta a m'chiwayamu akada mumatani nawo?" Akakulozerani chigubu chimene akuwasungiramo, zili bwino. Akayang'ana sinki kapena ngalande ya kuseri asanayankhe, yankho mwalipeza kale.

Kenako pitani pa bokosi lotchera mafuta, limene mapulambala amati grease trap. Kagwiridwe kake nkosavuta. Madzi akalowa amakumana ndi chipupa chapakati n'kuchepa liwiro, amazizira, mafuta poti ngopepuka amayandama, nyenyeswa za nsima ndi mpunga zimamira, ndipo madzi apakati okha ndi amene amatuluka kudzera pa paipi yooneka ngati T imene kamwa yake ili m'munsi mwa mafuta. Kanulani chivundikiro mutaima kumene mphepo ikuchokera, mudikire kaye. M'malo otsekeka otere mumaunjikana mpweya wa hydrogen sulphide, wa fungo la dzira lovunda, umene ukachuluka mphuno imaleka kuumva, munthu n'kungokomoka. Mumakhalanso mpweya wa methane umene umayaka moto, choncho fodya ndi machesi zikhale kutali. M'manhole, dzenje lachivundikiro loonera paipi ya madzi oipa, musalowemo, ngakhale foni itagweramo.

Lowetsani nsungwi pang'onopang'ono. Mumva pamene yaboola chikhungu cha mafuta, muike chizindikiro. Pitirizani mpaka igunde zinyenyeswa zapansi, kenako simenti. Phatikizani kuchindikala kwa mafuta ndi kwa zapansizo: zikafika gawo limodzi mwa magawo anayi a kuya kwa madzi, bokosi lakwana kukokolola. Ngati madzi ndi akuya masentimita 60, malire ndi masentimita 15. Walitsaninso tochi muone ngati chipupa chapakati ndi T uja zilipo. Alipo amisiri amene amangodula mgolo, n'kuwotcherera mapaipi awiri, n'kugulitsa kwa mwini lesitilanti pa mtengo wa grease trap yeniyeni. Mgolo wopanda chipupa sutchera kanthu, madzi amangodutsa ndi mafuta ake omwe.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene ntchito inanditayikira nthawi ina. Bokosi loyera si umboni woti malowo ali bwino. Pa lesitilanti ina imene sinditchula dzina, bokosi linali lomangidwa bwino, la njerwa zootcha, lopakidwa pulasitala, chipupa ndi T zonse zilipo. Nsungwi inatuluka ndi mafuta osakwana ngakhale chala. M'kope munalembedwa kuti palibe vuto. Mvula itayamba, manhole ya kumunsi kwa mzere wa mashopuwo inatukula chivundikiro, zonyansa za m'zimbudzi n'kuyenderera pabwalo pamene amayi ena amakazingira mandasi. Titaboola ndi ndodo zazitsulo, zimene zinkatuluka zinali zibuma zoyera za mafuta, zina zosakwana m'fosholo. Oyandikana nawo anali a telala ndi a saluni, ophika anali amodzi okhawo.

Titabwerera, ndinathira utoto wobiriwira m'sinki yaikulu yotsukira mapoto, mnzanga ataima pa bokosi. Anadikira, madzi a m'bokosi ali phee, osasintha mtundu. Anasunthira pa manhole, ndipo kumeneko madzi anali atabiriwira kale. Chimene chinachitika n'chakuti bokosilo linkadzadza msanga ndi kununkha pafupi ndi matebulo a makasitomala, ndiye mwini malo anaitana pulambala wa ganyu amene anadula paipi ya sinki yaikulu pansi pa simenti n'kuilumikiza molunjika ku paipi ya zimbudzi. M'bokosi munkangolowa madzi a kasinki kosambira m'manja. Mwini malo anandiuza kuti, "Bambo, ine ndinangoti fungo lithe, za mapaipi sindizidziwa." Ndinawakhulupirira, koma amene anavutika ndi amayi a mandasi aja.

Nchifukwa chake ndimati utoto muzithira musanalembe chilichonse, sinki iliyonse payokha. Thirani m'sinki imodzi, tsegulani mpopi kapena khuthulani ndowa yodzadza, mnzanu ayang'ane polowera m'bokosi. Dikirani mtundu uthe musanapite pa sinki ina, apo ayi sinthani mtundu. Mabowo a pansi nawonso ayeseni, chifukwa usiku potseka, mafuta a m'chiwaya amakonda kuthiridwa mmenemo. Utoto ukapanda kuoneka m'bokosi, usakeni: pa manhole, pa sepitiki thanki, m'ngalande ya madzi amvula ya kumsewu. Madzi a m'khitchini sayenera kulowa m'ngalande ya mvula ngakhale pang'ono, poti imeneyo imathera kudambo kumene anthu amalima ndiwo zamasamba. Onaninso kuti paipi ya chimbudzi isadutse m'bokosi la mafuta.

Chinyengo china ndi cha madzi owira ndi caustic soda, mankhwala amphamvu otsukira mapaipi. Mukapeza bokosi lili lofunda, madzi ake oyera ngati athiramo mkaka, dziwani kuti wina wamva zoti mukubwera. Zimenezi sizichotsa mafuta, zimangowasungunula kuti akaundanenso kutsogolo, pa paipi ya anthu ena. N'chimodzimodzi mankhwala a m'mabotolo opanda dzina amene anyamata ena amayenda nawo m'malesitilanti, akumati ukathira sudzakokololanso. Ndalama imeneyo bola kugulira sefa wa pa sinki.

Zotsalazi nzachidule. Tsegulani manhole imodzi kumtunda kwa lesitilanti ndi ina kumunsi, mufananize. Kumene akugwiritsa ntchito sepitiki thanki, pondani pozungulira dzenje lomwetsa madzi. Pakakhala chinyontho chonunkha m'chilimwe ndiye kuti mafuta atseka nthaka. Jambulani zonse, lembani miyeso ndi tsiku, mwini malo asayine.

Chenjezo lipite lolembedwa, lotchula chimene akonze ndi tsiku lodzaonanso. Lamulo la Public Health Act limapatsa makhonsolo mphamvu zothetsa zonyansa zoika moyo wa anthu pachiswe, ndipo za kuipitsa madzi ndi nthaka zili mu Environment Management Act ya 2017. Wina akamati mukulimbana naye, mukumbutseni kolera wa 2022 mpaka 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Auzeni a m'khitchini azipala mbale m'ndowa asanatsuke, mafuta akale azisunga m'zigubu zotseka, ndipo zokokolola m'bokosi azisakaniza ndi utuchi kapena phulusa n'kupita nazo kumtaya wa khonsolo. Akaitana galimoto yopopa, asunge lisiti ndipo afunse kumene ikukakhuthula, chifukwa ena otchipa amakakhuthula m'tchire usiku. Tsiku lobwerera likakwana, tenganinso utoto.