Chamba cha mankhwala chili m'nyumba, mwana akuthandizidwa kusiya: chitani izi

Ku Colorado, m'dziko la America, lamulo lolola odwala kugwiritsa ntchito chamba ngati mankhwala linavomerezedwa mu 2000. Mu 2012, kafukufuku wa mumzinda wa Denver, ku Colorado komweko, anapeza kuti mwa achinyamata 164 a zaka 14 mpaka 18 amene ankathandizidwa kusiya mankhwala osokoneza bongo, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali atagwiritsapo ntchito chamba cholembedwera munthu wina. Ndiye mwana wanu akakhala pa chithandizo chotere, musamangoopa ogulitsa mobisa. Yambani ndi anthu amene iye amawadziwa amene ali ndi khadi la chamba, lomwe ndi chiphaso chololeza wodwala kugula chamba ngati mankhwala.

Mufunseni mwachindunji koma mosakalipa: "Mwa anzako kapena abale athu, ndani ali ndi khadi?" Mukangofunsa kuti amagula kuti, adzakana, ndipo sakhala akunama ngati amachita kupatsidwa. Musaiwale anzake amene angokwanitsa zaka 18. Boma la Colorado linakhwimitsa lamulo mu 2021 kuti wa zaka 18 mpaka 20 aziyamba wavomerezedwa ndi madokotala awiri asanalandire khadi.

Ngati wodwala wa khadiyo ali m'nyumba mwanu momwemo, kubisa chamba pamwamba pa kabati n'kungodzinamiza, chifukwa wachinyamata amadziwa pobisa ponse. Gulani bokosi lachitsulo lotsegula ndi manambala. La kiyi silithandiza kwenikweni, poti kiyi amaiwalika m'thumba la jekete. Manambalawo asakhale chaka chobadwa cha aliyense wa pakhomopo.

Ntchito yaikulu ndi kuwerengera, ndipo apa m'pamene ambiri amatayirira. Chamba chamasamba chiyezeni pa sikelo yaing'ono yosonyeza mpaka 0.1 galamu, musanatape ndiponso mutatapa, n'kulemba m'kope. Galamu imodzi ikachoka m'botolo lodzaza, maso sangaone. Maswiti ndi chokoleti za chamba muziwerenge chimodzichimodzi. Ku Colorado, kachidutswa kamodzi ka m'masitolo ogulitsa chamba kwa akuluakulu opanda khadi sikapitirira mamiligalamu 10 a THC (chinthu choledzeretsa cha m'chamba), koma za odwala zimatha kukhala zamphamvu kuposa pamenepo, choncho werengani zolembedwa papaketi. Mafuta a mu vape (kachipangizo kamagetsi kosutira) ndiwo ovuta kwambiri: fungo lake silikhalitsa, ndipo mwana akhoza kukoka kawiri n'kubwezera pamalo pake. Lembani kamzere pagalasi pamene mafutawo alekezera. Kopelo likasemphana ndi zimene zili m'bokosi, sinthani manambala tsiku lomwelo ndipo uzani mlangizi wa mwanayo.

Kuyeza mkodzo kumathandiza, koma musakudalire kwambiri. Kwa amene ankasuta tsiku ndi tsiku, mkodzo ukhoza kusonyezabe chamba mpaka mwezi wathunthu atasiya, ndipo sunena kumene chambacho chinachokera. Kumukalipira mwana chifukwa cha zotsatira za m'masabata oyambirira kumangomuphunzitsa kubisa.

Zakudya za chamba zimachedwa kugwira m'thupi, mphindi 30 mpaka maola awiri, n'chifukwa chake wosazolowera amawonjezera poganiza kuti sizikugwira. Mwana akasokonezeka mutu, akamagona osadzutsika bwino, kapena akamasanza mobwerezabwereza n'kumangopezako bwino akasamba madzi otentha, thamangirani naye kuchipatala mutanyamula paketi ya chambacho.

Zotsala musamazisunge. Zisakanizeni ndi zotsalira za khofi kapena dothi, zitsekereni m'chitini, ndipo zitayeni tsiku limene galimoto yotenga zinyalala ikubwera.