Momwe mungasankhire ndi kugula kompyuta ya patebulo osapusitsidwa

Mayi wina amene ali ndi kashopu kotayipa makalata ndi kusindikiza zithunzi anandiitana kuti ndikaone kompyuta imene anali atangogula. Inkatenga nthawi kuyaka, ndipo akatsegula zinthu ziwiri nthawi imodzi inkangoima. Pabokosi panali chizindikiro chonyezimira cha Core i7, ndipo wogulitsa anawauza kuti ndi yatsopano. Titayang'ana m'kati tinapeza kuti purosesa yake, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ndi i7-3770, yomwe inatuluka mu 2012. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Zinandiwawa, chifukwa ndalamazo anazisunga kwa nthawi yaitali. Ngati nanunso mukuganiza zogula, tsatani njira izi.

Choyamba: dziwani ntchito imene idzagwire

Musanapite ku Limbe kapena ku Old Town, khalani pansi mulembe zimene mudzachite nayo. Kutayipa, kuwerengera ndalama pa Excel, intaneti ndi maphunziro a ana sizifuna makina odula. Purosesa ya Core i3 yamakono ya kampani ya Intel, kapena Ryzen 3 ya kampani ya AMD, ikwanira. Ngati mudzakonza zithunzi za maukwati pa Photoshop, kapena kujambula nyimbo, yambirani pa Core i5 kapena Ryzen 5. Amene amadula mavidiyo kapena kujambula mapulani a nyumba adzafunanso khadi lapadera la zithunzi, monga la NVIDIA.

Chachiwiri: funsani m'badwo wa purosesa

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Mawu oti i3, i5 kapena i7 pa okha sanena zambiri. Chofunika ndi manambala otsatira, amene amaonetsa m'badwo, kutanthauza ngati purosesayo ndi yakale kapena yamakono. Akakhala anayi, nambala yoyamba ndiyo m'badwo: i5-8500 ndi m'badwo wa 8. Akakhala asanu, werengani ziwiri zoyambirira: i5-12400 ndi m'badwo wa 12. Core i3 ya m'badwo wa 12 imasiya kutali i7 ya m'badwo wa 3, ngakhale dzina likumveka laling'ono.

Nkhani ya m'badwo yakula chifukwa pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kupereka chitetezo cha nthawi zonse pa Windows 10. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, komanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Akatswiri ena amatha kukakamiza Windows 11 kulowa m'makina akale, choncho kuona Windows 11 pasikirini si umboni woti makinawo ndi amakono. Ineyo sindingalangize munthu kugula chilichonse chochepera m'badwo wa 8, ndipo imene akuitcha yatsopano iyenera kukhala ya m'badwo wa 12 kapena kuposa.

Onaninso chilembo cha kumapeto. Purosesa ya Intel yothera ndi F, monga i5-12400F, siitulutsa chithunzi payokha popanda khadi lapadera. Kumbali ya AMD, yothera ndi G, monga Ryzen 5 5600G, ili nazo kale zotulutsira chithunzi.

Chachitatu: RAM ndi posungira zinthu

RAM, yomwe imathandiza kompyuta kugwira ntchito zingapo nthawi imodzi, isachepere 8GB, ndipo ngati thumba likulola tengani 16GB. Funsani ngati muli malo oti mudzawonjezere ina m'tsogolo. Posungira zinthu pakhale SSD, disiki yamakono yachangu, osati hadi disiki yakale ija yozungulira. Wogulitsa angakukopeni ndi hadi disiki ya 1TB, koma SSD ya 256GB kapena 512GB idzakupatsani kompyuta yoyaka m'masekondi ochepa. Malo akadzachepa mudzagula disiki yakunja.

Chachinayi: iyatseni m'shopu momwemo

Musalole kuuzidwa kuti “bwana, ndi yomata, mukatsegulire kunyumba.” Safunsa anadya phula. Apempheni ailumikize ku magetsi, ndipo inuyo mugwire mausi.

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, kenako pitani pa Performance. Pamenepo muona dzina lonse la purosesa, kuchuluka kwa RAM, ndiponso ngati disiki ndi SSD kapena HDD (hadi disiki yakale ija). Yerekezani ndi zimene mwauzidwa. Mukatero lowani mu Settings, System, Activation, muone ngati Windows yake ndi yovomerezeka.

Tembenuzani bokosi mupeze nambala yake. Makina a Dell amakhala ndi Service Tag, a HP ndi Lenovo amakhala ndi serial number. Ilembeni pa webusaiti ya kampaniyo pafoni yanu, ndipo idzakuonetsani nthawi imene waranti inayamba ndi pamene ikuthera. Kompyuta yatsopano singakhale ndi waranti imene inatha zaka zinayi zapitazo. Pali kapulogalamu kena kaulere, CrystalDiskInfo, kamene kamaonetsa maola amene disiki yagwira ntchito. Mungakatenge pa fulashi.

Ndisamveke ngati ndikunyoza za kaunjika. Makina a m'maofesi akunja monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre ndi olimba, ndipo athandiza masukulu ndi mabizinesi ambiri kuno. Chimene ndimakana ndi kugulitsa yogwiritsidwapo kale ntchito pamtengo wa yatsopano. Lowetsani fulashi m'mabowo onse a USB, mvetserani ngati fani ikulira modabwitsa, ndipo suzumirani m'timabowo ta mpweya ngati muli fumbi.

Chachisanu: siyani ndalama ya UPS

Laputopu ili ndi batire, ya patebulo ilibe. Magetsi akangothima ntchito yanu yosasunga yapita, ndipo akabwera mwamphamvu amatha kuwotcha pawa sapulayi, yomwe imalandira magetsi, kapena bodi yonse ya m'kati. Nyengo ya mvula mphenzi nayo imawonjezera vuto. UPS ndi bokosi la batire lolumikizidwa pakati pa soketi ndi kompyuta. Ya 650VA imakupatsani mphindi zingapo zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino. Ndi bwino kutsika kuchoka pa i7 kupita pa i5 n'kugula UPS, kusiyana ndi kutenga makina apamwamba opanda chitetezo. Musalumikize pulinta ya leza ku UPS, imakoka magetsi ambiri.

Kuno magetsi ndi a 230V ndipo masoketi athu ndi a mano atatu a makona ngati a ku Britain. M'bale akakutumizirani kuchokera ku Joni, chingwe chingabwere ndi mano ozungulira. Gulani chingwe china m'malo mokanikiza mawaya m'soketi. Makina ena akale ochokera ku America ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kakhale pa 230 musanayatse. Amene mumadalira sola, ganizirani timakompyuta ting'onoting'ono monga ThinkCentre Tiny, timene timadya magetsi ochepa.

Chachisanu ndi chimodzi: zotsalira ndi lisiti

Funsani ngati mtengo ukuphatikiza sikirini, kiyibodi ndi mausi, chifukwa ambiri amatchula wa bokosi lokha. Sikirini ya mainchesi 22 kapena 24 ya 1920x1080 ndi yokwanira, bola chingwe chake chigwirizane ndi bokosi, kaya ndi HDMI kapena DisplayPort. Makompyuta ambiri a patebulo alibe Wi-Fi, ndiye ngati mudzagwiritsa ntchito intaneti ya pafoni ya TNM kapena Airtel, gulani kadaputa ka Wi-Fi kolowetsa m'bowo la USB.

Palisiti alembepo dzina la makina, purosesa, serial number ndi miyezi ya waranti, ndipo adindepo chidindo cha shopu. Funsani kuti ikawonongeka idzakonzedwa kuti, ndipo adzalipira ndani. Mukafika kunyumba sungani katoni yake mpaka waranti ithe, ikani bokosi pamwamba osati pasimenti pomwe pamadutsa tsache, ndipo kumbuyo kwake musiye mpata woti mpweya uzituluka.