Musanagule thirakitala yakale

Ngati mukufuna kugula thirakitala yaing'ono yogwirapo kale ntchito, kaioneni m'mamawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Ilizeni nokha muone utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Oyiloyo akamaoneka ngati mkaka, madzi alowamo, ndipo thirakitala imeneyo isiyeni ngakhale mwini wake atsitse mtengo.

Ambiri amaiwala hayidiloliki, makina amene amakweza ndi kutsitsa pulawo. Mangirirani pulawo kumbuyo, muikweze, kenaka muzimitse injini. Pulawoyo ikamatsika yokha msangamsanga, konzekeranitu ndalama zokonzetsera.

Ine ndimakonda Massey Ferguson 135, masipeya ake savuta kupeza ndipo amakaniko ambiri amaidziwa. Matayala akumbuyo ndi okwera mtengo, aunikeni bwino ming'alu. Pulawo isakhale yolemera kuposa mphamvu ya thirakitalayo; ya madisiki awiri ikwanira.