Blow-off valve pa dizilo ya turbo, muyiike pati?

Blow-off valve ndi valavu yotulutsa mpweya wopanikizidwa ndi turbo mukasiya moto. Malo ake ndi pa paipi yochoka ku intercooler (chozizitsira mpweya wa turbo) kupita ku intake manifold (polowera mpweya mu injini), musanafike pomwe EGR (njira yobwezera utsi wa ekizozi mu injini) imalowera, pamalo poti paipi yawongoka, ndipo valavuyo ikhale pamwamba kapena chammbali mwa paipiyo. Koma musathamangire kuboola, dizilo si petulo, mukangokopera mmene anzathu a petulo amaikira valavu yanuyo ingokhala duu osatsegula olo kamodzi.

Nkhani yake ili chonchi. Pa petulo pali throttle, kachitseko ka mpweya wolowa mu injini, mukachotsa phazi pa moto imatseka, mpweya womwe turbo yapopa umasowa kolowera, ndiye mu manifold mumabwera vacuum, mphamvu yoyamwa, yomwe imakoka valavu ija n'kutsegula, mpweya phwii panja. Pa dizilo mphamvu imayendera kuchuluka kwa mafuta, mpweya umangolowa mmene ukufunira, manifold ilibe vacuum yoti nkukoka chinthu. N'chifukwa chake dizilo amaipatsa vacuum pump yakeyake ya mabuleki, pa Isuzu 4JB1 ili kumbuyo kwa alternator, pa ma 1.9 TDI ambiri a VW imayendetsedwa ndi camshaft. Ena anena kuti komatu yanga ili ndi ka flap mu intake, eya kalipodi pa ma dizilo atsopanowa, koma ntchito yake ndi kuthandiza EGR komanso kuzimitsa injini mosagwedezeka, sikatseka nthawi iliyonse mukusintha giya.

Ndiye valavuyo ndi yachani pa dizilo? Pali pomwe imafunikadi. Mukakhala pa boost yambiri (boost ndi pressure ya mpweya wopopedwa ndi turbo), tinene mukukoka katundu pamtunda, kenako mwasiya moto mwadzidzidzi, mafuta amaduka, utsi womwe umazunguza turbine (mbali ya turbo ya ku ekizozi) umachepa pompo, koma mu mapaipi ndi mu intercooler mukadali mpweya wopanikizika, ndiye turbo ikayamba kufooka mpweya uja umabwerera chammbuyo kudutsa pa compressor (mbali ya turbo yopopa mpweya), mumamva kuti chu-chu-chu kapena kaphokoso kouwa. Imeneyo ndiye surge, ndipo ikamachitika tsiku ndi tsiku imadya thrust bearing ya turbo. Izi zimakonda ma turbo akuluakulu osinthidwa, boost yokwezedwa kufika 2 bar kapena kuposa, ndi magalimoto a manual. Ngati injini yanu ili mmene inachokera ku fakitale ndipo simumva phokoso limeneli, kunena zoona valavuyo simukuifuna, mukungofuna kulira kwake basi, zomwe si mlandu, bola muiike bwino isakubereni boost. Komanso musaisokoneze ndi wastegate, wastegate ili mbali ya ekizozi ndipo ndi yomwe imaletsa boost kupitirira muyezo, blow-off valve ntchito imeneyo si yake.

Tsopano pa malo penipeni. Kuchoka pa turbo kukafika ku manifold pali mapaipi awiri, wotentha wochoka pa turbo kupita ku intercooler, ndi wozizira wochoka ku intercooler kupita ku injini. Mbali zonse ziwiri valavu igwira ntchito, ndipo amene amaika mbali yotentha ali ndi mfundo yawo, amati ili pafupi ndi turbo ndiye imapepula compressor mwachangu. Vuto ndi kutentha. Mpweya wongotuluka mu turbo pa boost ya 1.5 bar umatha kufika madigiri 150 Celsius, kuonjezera apo malowo nthawi zambiri amakhala pafupi ndi ekizozi manifold, ndiye diaphragm ndi ma O-ring zimauma msanga n'kuyamba kuphonya mpweya. Ine ndimakonda mbali yozizira. Valavu imakhalitsa, komanso ikatsegula mpweya umapitirirabe kuyenda mbali yake yomweyo, kuchoka ku turbo kudutsa intercooler n'kutuluka, sukhotanso kubwerera. Ngati injini ilibe intercooler, paipi ndi imodzi yokha, ikani chakumapeto kufupi ndi manifold, kutali ndi ekizozi.

Koma kufupi ndi manifold kwakeko muonetsetse pomwe EGR ikulowera. Mukaika valavu mutadutsa pamenepo, mwaye wosakanikirana ndi oilo umata piston ya valavu mpaka izikakamira, komanso ikatsegula izilavulira utsi mu boneti. Tsatirani paipi ndi dzanja kuchokera ku intercooler, mupeza ka flap kaja kapena ka paipi kachitsulo kochokera ku EGR, valavu ikhale musanafike pamenepo. MAP sensor, yoyeza pressure ya mpweya wolowa mu injini, nayonso ipatseni mpata, valavu isakhale nayo pamphuno, chifukwa ikamatsegula pressure imagwa mwadzidzidzi pamalopo ndipo kompyuta ya galimoto imatha kusokonezeka.

Za MAF sensor, yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa, ndiye zofunika kuganizira musanagule n'komwe valavuyo. Ngati injini ili nayo, mpweya wonse womwe wadutsapo kompyuta yauwerenga kale, ndipo pa dizilo imagwiritsa ntchito nambala imeneyo poyendetsa EGR ndi poletsa utsi wakuda. Mukamautayira panja magalimoto ena salabada, ena amayatsa check engine, P0101 kapena P0299 ya boost yoperewera, pena mpaka kulowa limp mode, pomwe kompyuta imadula mphamvu poteteza injini. Njira yopanda mavuto ndi kubweza mpweyawo ku paipi yolowera mu turbo, pakati pa MAF ndi turbo, kamwa yake iloze ku turbo, isauzire chakumbuyo ku sensor. Phokoso limachepa, inde, zimenezo musankhe nokha. Ma injini akale a pump ya makaniko opanda MAF, tayirani panja palibe chovuta.

Chifukwa chomwe ndanenera kuti pamwamba kapena chammbali ndi oilo. Vulani paipi ya intercooler ya dizilo iliyonse yomwe yayendako, pisani chala mkati, chituluka chakuda chonyowa, ndi nkhungu ya oilo yochokera ku breather (kapaipi kopumira injini) ndipo imadikha pansi pa paipi. Valavu ikakhala kunsi oilo yenseyo azithera mmenemo. Olo ili pamwamba izipoperabe pang'ono ikamatsegula, ndiye kamwa yake isaloze ku ekizozi, ku malamba, ku alternator kapena pa mawaya, komanso isayang'ane kumwamba kapena kutsogolo komwe madzi ndi fumbi zimalowera. Musaiwale kuti injini imagwedezeka pa ma mounting ake, siyani mpata wa zala ziwiri kuzungulira valavu yonse, ndipo musanawotcherere igwirizireni pamalopo n'kutseka boneti pang'onopang'ono muone ngati sikugunda.

Kamangidwe kake pali njira ziwiri. Yolimba ndi kuwotcherera flange (kachitsulo komangirapo valavu) pa paipi yachitsulo, ngati ndi aluminiyamu mupite kwa wowotcherera ndi makina a TIG, ndipo flange ikhale ya chitsulo chofanana ndi paipiyo. Paipi muichotse mu galimoto musanaboole, izi musanyozere, tizitsulo ta drill tikatsala mkati tipita mu masilinda, ndiye mukamaliza tsukani bwinobwino, pukutani mpaka nsalu ituluke yoyera. Njira ina ndi kudula hosi n'kulowetsapo T-piece yachitsulo ya saizi yofanana ndi paipi yanu, ambiri amakhala pakati pa 50 mm ndi 76 mm, muyeze musangoganizira. T-piece ikhale ndi kamlomo kotukuka kumapeto konse ndipo mumange ndi ma clamp a T-bolt, apo ayi boost ikakwera hosi ivuka muli pakati pa msewu. Paipi ya pulasitiki musaiboole kuti mumatepo flange ndi guluu, sizikhalitsa, isintheni ndi yachitsulo. Pewaninso pokhota, pamenepo flange sikhala bwino.

Chatsala ndi chomwe chiziuza valavu kuti tsegula, ndipo ambiri amalakwitsa apa osati pa malo. Pamafunika solenoid, kavalavu koyendera magetsi, ya mapoti atatu. Nthawi zonse imatumiza boost pamwamba pa valavu kuti ikhale yotseka zolimba, ndiye mukasiya moto imasintha n'kutumiza vacuum yochokera ku pump, kapena kungotaya pressure yapamwambayo kuti boost yapansi ikankhe piston yokha. Boost ya solenoid tengani pa manifold kapena pa paipi yozizira, timahosi tikhale tatifupi, solenoid ikhale pafupi ndi valavu koma kutali ndi moto wa ekizozi. Vacuum musatenge podula hosi yaikulu ya brake booster, ayi ndithu, pezani kanipo kakang'ono komwe kamadyetsa EGR kapena actuator ya turbo, muikepo check valve (yolola mpweya kuyenda mbali imodzi yokha), ngati n'kotheka ndi kathanki kakang'ono kosungira vacuum.

Solenoid imeneyi ena amaiyatsa ndi ka switch pa pedulo, ndi zotchipa koma zili ndi msampha, switch imangodziwa kuti phazi palibe, ndiye ngati galimoto ili ndi cruise control valavu izikhala yotsegula injini ikukoka, boost yonse kutayika. Controller yowerenga voltage ya pedulo, ngati zomwe amapanga a Turbosmart za dizilo, imayang'ana liwiro lomwe phazi lachokera ndipo imatsegula kanthawi kochepa kenako n'kutseka. Mukamalumikiza waya wa sensor ya pedulo gwiritsani ntchito multimeter kupeza waya wa signal, womwe voltage yake imakwera mukamaponda, musangosenda aliyense.

Mukamaliza pangani boost leak test musanatuluke. Tsekani polowera mpweya pa turbo, popani mpaka 1 bar, yomwe ndi 14.5 psi, wazani madzi a sopo pa flange, pa ma clamp ndi pakamwa pa valavu, pakatuluka thovu ndiye kuti pakuphonya. Pa dizilo valavu yophonya si nkhani ya kuchepa mphamvu kokha, mafuta amalowabe ochuluka mpweya uli wochepa, utsi umada, EGT (kutentha kwa utsi wa ekizozi) imakwera ndipo ikamakhalitsa cha m'ma 700 Celsius isanalowe mu turbo ma piston ali pa ngozi, ngati pali DPF (sefa ya mwaye mu ekizozi) nayonso imatsekeka msanga. Kenako yendani ndi boost gauge, boost ifike pomwe inkafika kale, valavu ilire pokhapokha mwachotsa phazi mwachangu muli pa boost. Ikamalira mukadapondabe moto, limbitsani sipuling'i kapena onani hosi ya boost yopita pamwamba pa valavu. Ikamatsegula olo mwangopepula phazi pang'ono, chepetsani sensitivity pa controller, chifukwa kutaya boost pachabe kumapangitsa turbo kuyambiranso kupopa mukalowa giya yotsatira.