Agogo akatupa miyendo: muone chiyani, muchite chiyani

Kutupa miyendo kwa munthu wachikulire ndi chizindikiro chabe. Matenda enieni amakhala kwina, mwina mumtima, mu impso, m'chiwindi kapena m'misempha ya m'miyendo momwemo. N'chifukwa chake mankhwala amene anathandiza agogo a khomo loyandikana nanu angathe kuwapweteka agogo anu.

Choyamba, onani ngati watupa mwendo umodzi kapena yonse iwiri. Kenako dinikizani chala chachikulu pamsongolo, chapamwamba pa kakolo, muwerenge mpaka 10 n'kuchotsa. Pakatsala chibowo chochedwa kubwerera, ndiye kuti mwendowo wasunga madzi.

Nthawi zambiri vuto limakhala misempha yobwezera magazi kumtima. Ikatopa ndi ukalamba, magazi amaunjikana m'munsi. Munthu amadzuka miyendo ili bwino, koma pofika madzulo nsapato zathina, ndipo khungu la pa akakolo limada n'kumayabwa. Zimakula kwa okhala pamodzimodzi tsiku lonse, monga osoka maukonde, atelala ndi amayi ogulitsa pamsika, makamaka kukatentha mu Okutobala ndi Novembala.

Miyendo yonse ikatupa ndipo agogo akuchita befu poyenda pang'ono, kapena akubanika akagona chagada mpaka kugona chokhala, ganizirani za mtima. Kutupa kumaso m'mawa ndi mkodzo wathovu zimaloza ku impso, makamaka kwa odwala shuga ndi BP. Mimba ikatupa pamodzi ndi miyendo, madokotala amayang'ana chiwindi. Kuno kunyanja tisaiwale likodzo, chifukwa likakhalitsa osalandira mankhwala limawononga njira ya mkodzo, impso kapena chiwindi. Palinso matenda ofalitsidwa ndi udzudzu amene amalimbitsa khungu n'kukulitsa mwendo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza mu 2020 kuti Malawi wawagonjetsa, koma amene anatupa kale akufunikabe chisamaliro.

Mapiritsi nawo amatupitsa. Amlodipine ndi nifedipine, a BP, amatupitsa akakolo kwa anthu ena. Musasiye kumwa nokha; kauzeni adokotala kuti aone ngati angasinthe. Koma amene amatidetsa nkhawa kwambiri ndi ibuprofen, diclofenac ndi Indocid, amene agogo ambiri amagula okha n'kumamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mawondo ndi msana. Amasungitsa madzi m'thupi ndipo amawononga impso mwakachetechete.

Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, katumba n'kumawawa, mwina magazi aundana mumsempha. Ukafiira, n'kutentha, munthu n'kumanjenjemera, alowa majeremusi pakhungu. Zonsezi, komanso kubanika kapena kuwawa pachifuwa, n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo, kaya kwa boma ku Mangochi, ku Monkey Bay kapena chipatala chilichonse chapafupi. Musausisite mwendowo. Tengani buku lakuchipatala ndi mapiritsi onse amene akumwa, ogula okha omwe.

Akapimidwa, ntchito yotsala ndi yapakhomo. Agogo agone pamkeka kapena pabedi, miyendo itsamire pa mapilo kapena bulangeti lopinda kuti mapazi akwere kuposa chifuwa, mphindi 30, katatu kapena kanayi patsiku. Kuika mapazi pakampando munthu ali chikhalire sikukwanira. Amene amabanika akagona asakakamizidwe kutero. Akakhala pansi azigwedeza mapazi m'mwamba ndi pansi ka 20 ola lililonse, ndipo aziyendako m'mawa ndi madzulo kukazizira.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi pa zakudya zonse. Apa ambiri amalakwitsa: amachepetsa mchere m'ndiwo koma n'kupitiriza nsomba zothira mchere poumitsa, komanso soda wa m'therere, yemwe amasungitsa madzi mofanana ndi mchere. Nsomba zamchere muziviike m'madzi n'kutaya madziwo musanaphike.

Khungu lotupa limang'ambika msanga ndipo chilonda chake chimachedwa kupola. Sambitsani miyendo ndi sopo tsiku lililonse, pukutani bwino pakati pa zala, pakani Vaseline pamwendo koma osati pakati pa zalazo, ndipo agogo asayende opanda nsapato. Kutema mphini kuti madzi atuluke musalole ngakhale pang'ono. Madziwo satha, amabwereranso, ndipo mabalawo ndiwo khomo la majeremusi.

Bandeji yokulunga kuyambira kuzala mpaka pansi pa bondo imathandiza a vuto la misempha, koma wachipatala ayambe waona ngati magazi akufika bwino kumapazi. Zala zikachita dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu, masulani nthawi yomweyo. Furosemide, mapiritsi okodzetsa amene adokotala amapereka kuti achotse madzi m'thupi, amwedwe m'mawa ndiponso pamlingo umene adokotala alemba. Akachuluka amagwetsa munthu ndi chizungulire. Amene ali ndi vuto la mtima akakwera makilogalamu 2 m'masiku atatu, abwerere kuchipatala osadikira tsiku lolembedwa m'buku.